Salamu, Shalom, Selam: mawu amodzi, zolembera zitatu

Lachisanu dzuwa likamayandikira paliwombo, misewu ya ku Chinsapo, ku Biwi ndi ku Kawale imadzaza amuna a mikanjo yoyera ndi tizisoti, akufulumira kuti swala isawapite. Akakumana amapatsana moni wa "salamu aleikumu". Minibasi imene ikuwaimbira hutala kuti apatuke mwina kumbuyo kwake kwalembedwa Shalom, poti mwini wake amapemphera mpingo wina wa chipentekoste ku Area 25. Mukapitirira ulendo mpaka ku Dzaleka m'boma la Dowa, kumene kumakhala anthu othawa kwawo kuphatikizapo a ku Ethiopia, mukamva akulonjerana kuti "selam". Anthu atatuwa akhoza kutsutsana pa zakumwamba mpaka dzuwa kulowa, koma mawu amene atuluka m'kamwa mwawo ndi amodzi, ndipo tanthauzo lake ndi mtendere.

Chiarabu, Chihebri ndi Chiamhariki cha ku Ethiopia ndi ana a bere limodzi. Akatswiri amalitchula banja lawo kuti zinenero za Chisemiti, dzina limene Mjeremani wina, August Ludwig von Schlözer, analiyambitsa m'chaka cha 1781 potengera Semu mwana wa Nowa. M'banjamo mulinso Chiaramu chimene Yesu ankayankhula, Chitigirinya cha ku Eritrea ndi kumpoto kwa Ethiopia, Ge'ez wa m'mapemphero a mpingo wa ku Ethiopia, chinenero cha pachilumba cha Malta, zinenero zing'onozing'ono za ku Yemen ndi ku Oman monga Mehri ndi Soqotri, ndiponso zina zimene zinafa kalekale, monga Chiakadi cha ku Babulo ndi ku Asuri. Chizindikiro cha banjali n'chakuti mawu ambiri amamera pa tsinde la malembo atatu opanda liwu. Tsinde la moni uja ndi s, l ndi m, ndipo ndi lomwelo limene labala Chisilamu, Msilamu, Salimu, Selemani ndi Solomo wa m'Baibulo.

Chibale chotere sachidziwira pa nkhope. Njira yake ndi yotopetsa: amatenga mawu amene mtundu uliwonse uli nawo, monga madzi, moto, diso, dzino, galu, kudya ndi kufa, n'kuwandandalika m'mizere, chinenero chilichonse ndime yake, kenaka n'kuyamba kuyang'ana kuti liwu ili la kuno limayenderana ndi liwu liti la uko. M'zaka za m'ma 1950 Morris Swadesh wa ku America anakonza mndandanda wa mawu 200, kenaka wina wa mawu 100, umene ambiri akugwiritsabe ntchito. Zonsezi zimamveka zophweka mpaka pamene munthu agwira cholembera. Chiarabu chili ndi zilembo 28 zoyambira kumanja kupita kumanzere. Chihebri chili ndi 22. Ku Ethiopia chilembo chimodzi chimaimira phatikizo lonse, monga amachitira malembo a Nolence Mwangwego kwathu kuno. Chiakadi chinkadindidwa ndi kamtengo pa dongo lonyowa. Kuti zonsezi zikhale patsamba limodzi n'kuyerekezeka, payenera kupezeka kalembedwe kamodzi. Mkangano wa kalembedwe kameneko watha zaka zoposa 150, ndipo sunathe.

Munthu wowerenga Chichewa ali ndi mwayi womvetsa vutoli msanga, chifukwa amapunthwa nalo tsiku ndi tsiku. Kwa ife th ndi wa thumba ndi thope, kh ndi wa khasu, ph ndi wa phala: liwu lotsatidwa ndi kampweya. Koma Mngelezi akalemba dzina la Chiarabu kuti Khadija, kh wakeyo akutanthauza liwu lokhokhomera pakhosi, ngati munthu akufuna kuchotsa makhololo. Akalemba Uthman, th wakeyo ndi wa lilime pakati pa mano. Mwana wa ku Area 23 akaona Khadija pa bolodi amawerenga ndi kh wa khasu, ndipo sanalakwe: watsata lamulo la chinenero chake. Agogo ake a mwanayo, amene dzinalo analimva ndi khutu osati kuliona pa pepala, amati Adija. Chilembo j nachonso n'chimodzimodzi. Kwa Mngelezi ndi kwa ife ndi cha jekete, kwa Mjeremani ndi y, kwa Mfalansa ndi liwu linanso. Popeza mabuku akuluakulu a zinenero za Chisemiti analembedwa ndi Ajeremani, Afalansa, Ataliyana, Angelezi ndi anthu a ku Russia, aliyense ndi khutu la kwawo, munthu wosonkhanitsa mndandanda umodzi kuchokera m'mabuku asanu amakhala ngati akugula ufa kwa anthu asanu a mbale zosiyana kukula, onse akuti "mbale imodzi".

Mawu akuti swala ndi amene anandikopa pa nkhani yonseyi. W ameneyo m'Chiarabu mulibe. Mawuwo amayamba ndi chilembo chotchedwa sadi, chimene ndi s wonenedwa lilime litabwerera kumbuyo ndi pakhosi patapanikizika, kotero kuti a wotsatira amamveka wolemera. Makutu a anthu a kugombe la Zanzibar ndi Kilwa, kenaka a Chiyao a ku Mangochi ndi ku Machinga, anamva kulemerako n'kukuika m'liwu limene anali nalo kale, w. Ndiye kuti amene ananena swala poyamba anali womvetsera bwino kuposa wolemba salat m'Chingelezi, amene kulemera konseko anangokutaya. Maliwu olemera otere m'Chiarabu alipo angapo, ndipo abale ake onse ali ndi maliwu oyenderana nawo, koma sawatchula mofanana. Ku Ethiopia satsekereza pakhosi motero: amatseka kholingo n'kuliphulitsa liwu ngati chivindikiro cha botolo. M'Chihebri cha ku Israel lero kusiyanako kunazilala, t wolemera anangofanana ndi t wamba, ndipo s wolemera amamveka ngati ts wa tsiku.

Apa ndi pamene akatswiri amagawanika pawiri. A mwambo wakale wa maphunziro a Chisemiti amaika kadontho pansi pa chilembo: ṣ, ṭ, ḍ. Kadonthoko sikanena kuti liwulo limatuluka bwanji. Kamangonena kuti ili ndi la m'gulu lolemera lija, kaya mwini chinenero amalipanikiza pakhosi kapena amaliphulitsa. Kwa munthu woyerekeza zinenero zimenezi n'zabwino kwambiri, chifukwa akayang'ana mzere amaona nthawi yomweyo kuti ṣ wa Chiarabu ndi ṣ wa Ge'ez ndi mbale wake. A mbali inayo amatsata zilembo za IPA, za bungwe limene Paul Passy ndi anzake anayambitsa ku Paris mu 1886 ndipo linatulutsa zilembo zake zoyamba mu 1888. Lamulo lawo ndi lakuti liwu limodzi chizindikiro chimodzi, dziko lonse lapansi. Iwo amalemba la Chiarabu mosiyana ndi la ku Ethiopia chifukwa pakamwa ndi zosiyanadi, ndipo amati kadontho kaja kakubisa zoona.

Onse awiri ali ndi mfundo, koma a IPA amagwa m'dzenje limodzi lalikulu. Chiakadi palibe munthu wamoyo amene anachimvapo. Chiugariti, chimene mapale ake anafukulidwa ku Ras Shamra m'dziko la Syria kuyambira mu 1929, chili ndi zizindikiro 30 zimene akatswiri anaziwerenga poyerekeza ndi Chihebri ndi Chiarabu. Ukalemba mawu a Chiugariti m'zilembo za IPA, ukulumbira kuti ukudziwa malo amene lilime linkagunda mwa munthu amene anafa zaka zoposa 3,000 zapitazo. Kadontho n'kodzichepetsa. Kamavomereza kuti tikudziwa mpando wa liwulo m'banja, koma mawu ake sitinawamve.

Ngakhale Chiarabu chenicheni chili ndi liwu limene linasintha. Aarabu amanyadira chinenero chawo kuti ndi chinenero cha dadi, chilembo chimene chili pakati pa mawu akuti Ramadan. Sibawayh, amene analemba galamala yaikulu ya Chiarabu m'zaka za m'ma 700, anafotokoza kuti liwulo limatulukira m'mbali mwa lilime, kutanthauza kuti linali ndi kamvekedwe ka l. Umboni wake unatsalira m'Chisipanishi, mmene mawu a Chiarabu otanthauza woweruza, amene kuno timawamva ngati kadhi, anasanduka alcalde. Lero Aarabu ambiri amalitchula ngati d wolemera, ena ngati dh, ndipo ku Persia ndi ku India linasanduka z. Nchifukwa chake mwezi wosala ukayandikira, pa zikwangwani za m'mizikiti ya mu Lilongwe ndi m'manyuzipepala mumaona Ramadan, Ramadhan, Ramadhani, pomwe amayi ogulitsa zitumbuwa za futali akuti Lamazani. Mndandanda wa akatswiri utenge uti? Yankho limadalira funso limene wolembayo akufunsa, ndipo mabuku ambiri akale sananene funso lawo.

Pali nkhani inanso ya s ndi sh imene yadya inki yambiri. M'buku la Oweruza mutu 12 anthu 42,000 a fuko la Efraimu anaphedwa pa madooko a Yordano chifukwa lilime lawo linkakana sh pa mawu amodzi. Agogo athu amene amati suga m'malo mwa shuga sakanaoloka mtsinjewo. Poyerekeza zinenero, pamene Mhebri akuti shalom Mwarabu akuti salam, ndiye munthu angaganize kuti lamulo ndi losavuta: sh wa Chihebri ndi s wa Chiarabu. Koma ng'ombe yamphongo ndi shor m'Chihebri, thawr m'Chiarabu ndi tora m'Chiaramu. Apa sh yemweyo akuyenderana ndi th. Pa mawu otanthauza khumi zinthu zimatembenuka: Mwarabu ndiye ali ndi sh, Mhebri ali ndi s. Kuchokera pa kusemphana kotereku akatswiri anaona kuti kholo la zinenerozi linali ndi maliwu opanda liwu 29, ndipo ana ake anawasakaniza aliyense mwa njira yake. Chihebri chinalemba maliwu awiri ndi chilembo chimodzi, n'kudzawasiyanitsa pambuyo pake ndi kadontho kumanja kapena kumanzere. Liwu la m'mawu a khumi lija akatswiri amalilemba ś, ndipo anthu oyankhula Mehri ndi Soqotri akulitchulabe ndi mpweya wotulukira m'mbali mwa lilime, ngati hl wa Chizulu ndi wa Chingoni chakale. Wolemba mndandanda akangoiwala kakhwatcha pamwamba pa s, kapena wosindikiza akakasowa m'makina ake, umboni wa zaka zikwi zisanu wafufutika pa mzere umodzi.

Kuyesa kuthetsa chisokonezochi kunayamba kalekale, ndipo amishoni anatengamo mbali yaikulu. Mu 1854 ku London kunachitika msonkhano wokambirana za zilembo, ndipo chaka chotsatira Richard Lepsius, katswiri wa za Igupto wa ku Berlin, anatulutsa buku la zilembo zimene ankafuna kuti zilembe zinenero zonse zosalembedwa. Bungwe la Church Missionary Society linazivomereza, ndipo bukulo linatulukanso lokonzedwa mu 1863. Tizidontho ndi timizere tambiri timene akatswiri a Chisemiti ndi a Chiigupto akulemba lero tinakhazikika m'nyengo imeneyo. Mu 1935 pa msonkhano wa akatswiri a zakum'mawa ku Rome, bungwe la Ajeremani la Deutsche Morgenländische Gesellschaft linapereka njira yake yosamutsira Chiarabu m'zilembo za Chilatini, chilembo chimodzi chizindikiro chimodzi. Malaibulale a ku America ali ndi yawo, mabuku ena akuluakulu a za Chisilamu ali ndi yawo, olemba mapu ali ndi yawo. Aliyense anabwera kudzathetsa kuchuluka kwa njira, ndipo anachoka atawonjezera imodzi.

Chichewa chinalowa m'mindandanda yotere m'nthawi yomweyo ya Lepsius, ndipo chinalowera pakhomo la ukapolo. Mu 1854 Sigismund Koelle anatulutsa Polyglotta Africana, mmene anandandalika mawu pafupifupi 280 m'zinenero zoposa 150, zimene anazimva kwa akapolo omasulidwa ku Freetown m'dziko la Sierra Leone. Mmodzi wa iwo, Mateke, ankayankhula Chimaravi. Zaka zomwezo, kufupi ndi Mombasa, mmishoni Johannes Rebmann anakumana ndi kapolo wina dzina lake Salimini, amene kwawo kunali ku Mphande, dera limene ofufuza akuti linali kuno kuchigawo cha Lilongwe. Anakhala naye pansi, mawu ndi mawu, mpaka panatuluka Dictionary of the Kiniassa Language, imene inasindikizidwa mu 1877 Rebmann atamwalira kale. Dzina limene munthu wa kwathuyu anapatsidwa kugombe, Salimini, ndi la tsinde lomwe lija la mtendere, ndipo ndimati ndikaganiza za amene anamupatsa dzinalo ndimasowa chonena.

Rebmann anali wa kum'mwera kwa Germany, kumene khutu silisiyanitsa kwenikweni t wopanda kampweya ndi d. Anthu a kwa Salimini, a kumtunda, anawalemba kuti Wakamdunda, ndi d pamalo pa t komanso ndi mphatikiram'mbuyo wa Chiswahili. Wowerenga wa lero ayenera kuyamba waphunzira khutu la Rebmann asanamve pakamwa pa Salimini, monga anachitira Andrew Goodson m'buku lake la Salimini's Chichewa la mu 2011. Komabe chifukwa chakuti Koelle ndi Rebmann analemba zimene anamva, osati zimene ankaganiza kuti n'zoyenera, lero tikudziwa kuti pamene ife tikuti zaka ziwiri, Mateke ankati dzaka dziŵiri ndipo Salimini ankati bzaka bziŵiri. Akanakhala ndi buku la malamulo a kalembedwe m'manja, akanawongola zonsezi, ife n'kutsala osadziwa kuti makolo athu ankayankhula motero. Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba wa dziko lino, nayenso anasonkhanitsa mindandanda ya zinenero za Chibantu m'mabuku awiri a mu 1919 ndi 1922, koma anapeka zilembo zakezake, mpaka kubwereka chilembo cha Chigiriki kuti chiimire o, kotero kuti owerenga ake amayamba ndi kumasulira Johnston mwiniwakeyo.

Ifenso tayendamo m'njira yofuna kalembedwe kamodzi, ndipo mabala ake tili nawo. Tsegulani Buku Lopatulika lakale limene agogo amasunga m'kansalu, mupezamo cifukwa, mau ndi ndiri. Chichewa chitasankhidwa kukhala chinenero cha fuko mu 1968, boma linakhazikitsa Chichewa Board mu 1972, ndipo bungwelo linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, mu 1980 ndi mu 1990. C anasanduka ch, ch wa kampweya anasanduka tch. Abale athu a ku Chipata ndi ku Lusaka anatsala ndi c, ndiye chinenero chimodzi chili ndi Chinyanja kuno ndi Cinyanja uko, ndipo ch wa m'buku la ku Zambia ndi tch wa m'buku la ku Malawi. Munthu wa kunja wosonkhanitsa mawu kuchokera m'mabuku a mayiko awiriwa, ngati sanachenjezedwe, adzapeza kusiyana kwa katchulidwe kumene kulibe. Chilembo ŵ, chimene Kamuzu Banda ankachiumirira pa dzina la dziko, chinachoka m'mabuku ambiri a Chichewa, koma a Chitumbuka ndi a Chiyao akuchifunabe chifukwa kwa iwo liwulo ndi lamoyo. Kamuzu yemweyo, ali wophunzira ku Chicago, ndi amene anali woyankhula wa Mark Hanna Watkins pa galamala ya Chichewa ya mu 1937, ndipo Watkins ankalemba ngakhale kukwera ndi kutsika kwa mawu. Ife sitilemba. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, khungu la pathupi ndi khungu la maso, timazilemba mofanana n'kusiyira chiganizo kuti chitiuze. Kwa mwini chinenero palibe vuto. Mumndandanda wa mawu mulibe chiganizo.

Chichewa Board itathetsedwa, ntchito inapita ku Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba mu 1996. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 bungwe la CASAS la ku Cape Town, lotsogozedwa ndi Kwesi Kwaa Prah, linasonkhanitsa akatswiri a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, kuphatikizapo Al Mtenje ndi Armindo Ngunga, ndipo anagwirizana za kalembedwe kamodzi ka zinenero za mayiko atatuwa. Kabukuko kalipo. Koma pitani m'kalasi ya Sitandade 2 ku Kawale mukaone ngati bolodi lasintha. Anthu sasiya kalembedwe kamene anakwapulidwira kusukulu chifukwa cha msonkhano wa maprofesa, ndipo akatswiri a Chisemiti nawonso ndi anthu: amene anakulira pa mtanthauziramawu wa Ge'ez wa Wolf Leslau wa mu 1987, kapena pa mabuku a Alexander Militarev ndi Leonid Kogan, sangataye tizidontho tawo mawa.

Chimene chabweretsa changu chatsopano pa nkhaniyi ndi kompyuta. Munthu amakhululuka, akaona sh apa ndi š apo amadziwa kuti n'chimodzi. Makina sakhululuka. Ngakhale š amene maso akumuona mmodzi, m'kati mwa kompyuta akhoza kusungidwa mwa njira ziwiri, ngati chilembo chimodzi kapena ngati s ndi kachipewa kake padera, ndipo makina owerengera amati ndi zinthu ziwiri. Tizindikiro tiwiri ta pakhosi ta Chiarabu, hamza ndi aini, timene timasiyana ngati usiku ndi usana kwa Mwarabu, m'mabuku ambiri tonse timangokhala kakoma kam'mwamba, kena koyang'ana uku kena uko, ndipo wotaipa wotopa amatisandutsa kamodzi. Ifenso kakoma kameneka timakadziwa. Pa foni ndi pa mafomu a pa intaneti kamakonda kugwa, ng'oma yoimba n'kusanduka ngoma ya m'tchire ya nyanga zopotana.

Kulemera kwa zotsatira zake kumaoneka pa kafukufuku ngati wa mu 2009, pamene Andrew Kitchen, Christopher Ehret ndi anzawo anaika m'kompyuta mindandanda ya zinenero 25 za Chisemiti n'kupeza kuti banjali linayamba kugawanika zaka pafupifupi 5,750 zapitazo chakumadera a Syria ndi Palestine, ndiponso kuti nthambi ya ku Ethiopia inaoloka kuchokera kum'mwera kwa Arabia zaka pafupifupi 2,800 zapitazo. Manambala otere amaoneka olimba, koma pansi pake pali munthu amene anagamula mzere ndi mzere kuti mawu awa ndi awa ndi a pachibale kapena ayi, ndipo chigamulocho chimadalira mmene mawuwo analembedwera. Gulu lina la ofufuza, la ASJP, linasankha kudula mfundo ndi mpeni: mawu 40 okha pa chinenero, ndi zizindikiro 41 zokha za pa kiyibodi wamba zolembera zinenero zonse za padziko. Njirayo yawalola kusonkhanitsa mindandanda zikwizikwi, koma maliwu ambiri osiyana amalowa m'thumba limodzi. Ofufuza a ku Max Planck Institute ku Germany, m'ntchito zotchedwa CLTS ndi Lexibank, anatenga njira imene ine ndikuiona yanzeru. Safufuta zimene wolemba woyamba analemba. Amazisiya m'ndime yake, n'kukonza tebulo lonena kuti m'buku ili chilembo chakuti chikuimira liwu lakuti, kenaka ndime yachiwiri ya kalembedwe kofanana imadzazidwa kuchokera pa tebulolo. Wina akadzapeza kuti analakwa, amakonza tebulo, umboni woyamba uli chikhalire.

Ndikuganiza kuti mkangano wambiri umabwera chifukwa chosakaniza ntchito zitatu. Kulemba kwa tsiku ndi tsiku, kwa kalata ndi nyuzipepala, kumafuna kuphweka, ndipo kuli ndi ufulu wosiya zimene mwini chinenero akudziwa kale. Kusamutsa zilembo kumafuna kuti wowerenga athe kubwerera ku Chiarabu kapena ku Chihebri chenichenicho popanda kuphonya chilembo, ngakhale chilembocho sichimveka pakamwa. Kulemba katchulidwe kumafuna zimene khutu lamva, kwa munthu wakuti, pamalo akuti. Ngamila ndi jamal m'buku, koma munthu wa ku Cairo amati gamal. Chilembo choyamba cha dzina la Gaddafi, amene anabwera kuno mu 2002, m'buku ndi q, kwawo ku Libya ndi g, ndipo ku Cairo chimangomveka ngati kadzidzimu ka pakhosi. Manyuzipepala a padziko analemba dzinalo mwa njira zambirimbiri, ndipo ambiri a iwo sanali olakwa. Ankayankha mafunso osiyana.

Ndibwerere kumakwalala kwathu, poti nkhaniyi kuno ili ndi mtengo wa ndalama. Mayina a Chisemiti anatifika m'njira ziwiri. Ena anaoloka nyanja ndi zombo za Jumbe Salim bin Abdallah wa ku Nkhotakota ndi amalonda a kwa Makanjira ndi kwa Mponda, amene alembi awo ankalemba makalata m'zilembo za Chiarabu. Ena anazungulira ku Chigiriki, Chilatini ndi Chingelezi n'kudzatsikira ku Blantyre, ku Nkhoma ndi ku Mua. Motero m'nyumba zoyandikana za lendi ku Mgona mukhoza kupeza Yusufu ndi Yosefe, Musa ndi Mose, Daudi ndi Davide, Ibrahimu ndi Abrahamu, Mariamu ndi Mariya, osadziwa kuti ndi a dzina limodzi. Chigiriki chinalibe sh, ndiye Moshe anafika kuno ali Mose. Chiyao ndi Chichewa sizinazolowere h woima payekha, ndiye Hasan anakhala Asani, Husain anakhala Useni, Halima anakhala Alima. Phatikizo lathu limathera pa lembo la liwu, ndiye u ndi i anamera kumapeto. L ndi r kwa ife ndi liwu limodzi, ndiye Rajab ndi Lajabu. Palibe mwa izi chimene chili umbuli. Ndi malamulo a katchulidwe, okhazikika ngati aja a shor ndi thawr, ndipo katswiri wa zaka 500 zikubwerazi adzawafuna.

Mnyamata wina amene ndinkakhala naye mpanda umodzi anayenda miyezi ingapo kuti akonzetse mapepala ake. Kusukulu mphunzitsi analemba dzina lake mmene amayi ake analitchulira. Kumadarasa mwalimu wake, amene anaphunzira kunja, anamuphunzitsa kulilemba mwa Chiarabu cha m'buku, ndi h ndi zilembo ziwiriziwiri. Pa kalembera wa zitupa za unzika wa mu 2017 iye anapereka la kumadarasa, poti ankaliona lolemekezeka. Atapeza mwayi wa ntchito, kalaliki anayang'ana satifiketi, n'kuyang'ana chitupa, n'kunena kuti, "Achimwene, awa ndi anthu awiri." Analumbira pamaso pa wolumbiritsa, analipira, anajambulitsa mapepala kangapo. Kalalikiyo sindimuimba mlandu kwenikweni, chifukwa anachita zimene kompyuta ya akatswiri ija imachita ikaona sh ndi š. Amayi ake mpaka lero akamamuitana kuti adzadye nsima amatchula lija la kusukulu, lopanda h, ndipo iye amavomera. Fomu imene anamupatsa inali ndi bokosi limodzi lokha la dzina.